Sitima Imafika pa Nthawi Yake, Ochedwa Ndi Ife

Alendo akabwera ku Hong Kong amabwerera kwawo akutamanda mayendedwe athu. Amati sitima n'zaukhondo, sizichedwa, ndipo palibe kona ya mzinda kumene basi siifika. Sakunama ayi. Kungoti mlendo amakwera masana, mipando ikusowa oikhalira. Ife timakwera cha m'ma 8 koloko m'mawa ndi cha m'ma 6 koloko madzulo, ndipo pa nthawi zimenezo munthu sanena kuti akukakwera sitima. M'Chikantoni, chinenero chimene timalankhula kuno, amati akupita kukachita bik che. Bik ndiko kufinya kapena kupanikiza, che ndi chokwera. Zikafika poipa timati bik baau, kutanthauza kuti mwadzaza mpaka mungaphulike, ndipo amene ali m'katimo ndi sa din yu, tinsomba ta m'chitini.

Odandaula pano ndife a da gung jai, anthu olembedwa ntchito: makalaliki a m'mabanki a ku Central, ogulitsa m'masitolo a ku Causeway Bay, alonda, anamwino, osesa m'maofesi, ophika m'malesitilanti, amisiri omanga nyumba zosanjikizana zimene ife sitidzagonamo. Mumzinda uno muli anthu pafupifupi 7.5 miliyoni, ndipo pa maulendo 10 alionse amene anthu amayenda tsiku ndi tsiku, pafupifupi 9 amakhala a pa sitima, pa basi, pa minibasi, pa takisi, pa sitima yapamadzi kapena pa ding ding, timasitima tosanjikiza tija tayenda mumsewu wa pachilumba cha Hong Kong kuyambira 1904. Galimoto yakeyake ndi ya opata, poti ngakhale malo oimikapo amagulidwa pa mtengo woimitsa mutu. Choncho tikamadandaula za kupanikizana sitikunena za kagulu kochepa. Ndi mzinda wonse umene umadzuka m'mamawa n'kukadzifinyira pa zitseko zomwezo.

Kampani ya MTR, imene inayamba kuyendetsa sitima zapansi panthaka mu 1979, imalengeza chaka ndi chaka kuti maulendo ake amasunga nthawi kufika pa 99.9 peresenti. Ifenso timanyadira zimenezi tikakhala kunja. Koma pitani pa siteshoni ya Admiralty madzulo, pamene anthu ochokera ku njanji ya pachilumba amasamukira ku njanji ya Tsuen Wan kuti awoloke nyanja kupita ku Kowloon. Sitima imabweradi, pafupifupi mphindi ziwiri zilizonse. Ikaima, zitseko zimatseguka, n'kuonetsa misana ya anthu. Pamalowa anthu owerengeka, antchito a pasiteshoni n'kutambasula manja kuletsa otsalawo, zitseko n'kutsekeka. Yachiwiri ikabwera mumasendera kutsogolo pang'ono. Mwina yachitatu ndiyo imakutengani, mwina ayi. Sitima zonse zitatuzo zinafika pa nthawi yake ndipo m'mabuku zalembedwa kuti zinayenda bwino. Mphindi zimene mayi wina waima pamenepo, mwana akudikira kuti akamutenge kusukulu ya mkaka, sizimveka m'chilengezo chija.

Kwa zaka zambiri akuluakulu ankawerengera kuti pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi m'sitima pangathe kuima anthu 6. Jambulani malo amenewo pansi ndi choko, muitane anthu aakulu misinkhu 6, aliyense ndi chikwama chake, muwauze aime pamenepo kwa theka la ola m'mwezi wa July, kunja kukutentha ndiponso kuli chinyontho. Mu 2014 boma linavomera pamaso pa Legislative Council, nyumba yathu ya malamulo, kuti anthu salola kupanikizana chomwecho, ndipo kuti kwenikweni pamaima anthu 4. Atawerenganso ndi 4, njanji zimene pa pepala zinkaoneka kuti zikadali ndi malo zinapezeka kuti m'mawa zimakhala zitadzaza kale, zina kufika pa 100 peresenti. Ife tinali tikudziwa kale ndi nthiti zathu. Chimene chinatiwawa n'chifukwa chimene anapereka: akuti makhalidwe a okwera asintha, anthu akuwerenga nyuzipepala ndi kugwiragwira mafoni m'sitima, n'chifukwa chake akufuna malo ochuluka. Kodi munthu wofuna kupuma popanda mphuno yake kugunda phewa la mlendo ndiye kuti wasintha khalidwe?

Chaka chomwecho, mu January, nduna yoona zamalonda ya nthawi imeneyo, Gregory So, inatulutsa lipoti lonena kuti mzinda ungathe kulandira alendo ochuluka kuposa pamenepo. Mu 2013 anali atabwera alendo 54 miliyoni, ndipo lipotilo linkayembekezera 70 miliyoni pofika 2017. Pa nkhani ya kudzaza kwa sitima, ndunayo inanena kuti mwina anthu angafunike kungodikira sitima yotsatira. Mawu akuti dang do yat baan, dikirani ina imodzi, anagwira moto tsiku lomwelo ndipo mpaka lero sanazime. Anthu anakwiya, osati chifukwa chodana ndi alendo, poti ambiri a ife timadya chifukwa cha iwo. Anakwiya chifukwa wonenayo ankayenda pa galimoto ya boma yokhala ndi dalaivala, ndipo ankalangiza za kudikira kwa anthu amene anali akudikira kale ziwiri kapena zitatu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene sanaimepo pa Admiralty 6 koloko itadutsa asatiuze kuti kudikira ina imodzi n'kopepuka.

Tisabise, njanji zatsopano zamangidwa. Ya kum'mwera kwa chilumba inatsegulidwa mu 2016, ya Tuen Ma inalumikizika yonse mu 2021, ndipo mu May 2022 njanji ya East Rail inawoloka nyanja kufika ku Admiralty, zimene zinapeputsa ulendo wa anthu a ku Sha Tin ndi Tai Po. Koma kuti izi zitheke sitima za East Rail anazifupikitsa kuchoka pa mabogi 12 kufika pa 9. Anatiuza kuti zizibwera pafupipafupi. Zimabweradi, koma amene amakwerera pa Tai Wai m'mawa amaona yekha kuti bogi likafika limakhala litadzaza ndi anthu a kumpoto.

Funso limene akuluakulu sakonda ndi lakuti: n'chifukwa chiyani tonse timalowera mbali imodzi pa ola limodzi? Sitinasankhe ife. Kuyambira m'ma 1970 boma linamanga matauni atsopano ku New Territories, monga Sha Tin, Tuen Mun ndi Yuen Long, kenaka Tin Shui Wai, Tseung Kwan O ndi Tung Chung, n'kusamutsirako mabanja ochokera m'zisakasa ndi m'nyumba zothithikana za ku Kowloon. Malingaliro anali akuti matauniwo azidziimira paokha, munthu azigona ndi kugwira ntchito komweko, makamaka m'mafakitale. Koma m'ma 1980 mafakitale anasamukira kutsidya kwa malire, ku Shenzhen ndi Dongguan, kumene antchito anali otsika mtengo. Nyumba zinatsala, ntchito zinapita. Zimene zinabwera m'malo mwake, za m'mabanki, za m'maofesi ndi za m'masitolo aakulu, zinaunjikana m'mphepete mwa doko la Victoria. Lero ku Tuen Mun kuli anthu pafupifupi theka la miliyoni, ndipo Tin Shui Wai, imene inamangidwa pa malo amene kale anali maiwe a nsomba, ndi nkhalango ya nyumba zazitali yokhala ndi ntchito zochepa kwambiri. M'mawa uliwonse anthu amenewa amayenera kutsanulidwira kum'mwera kudzera pa njanji imodzi ndi misewu yowerengeka, madzulo n'kubwezedwanso.

Wina anganene kuti samukirani pafupi ndi ntchito. Pafupi ndi ntchito, wa malipiro ochepa amakwanitsa tong fong basi, nyumba imodzi yodulidwa tizipinda tingapo, kamodzi kokwana bedi, kachitofu ndi kachimbudzi pambali pake. Anthu oposa 200,000 amakhala m'tizipinda totere. Nyumba za boma zotsika lendi munthu amazidikira zaka zisanu kapena kuposa, ndipo ikapezeka nthawi zambiri imakhala kutali. Ndiye kusankha kwake n'kumeneku: upanikizike usiku pogona, kapena upanikizike m'mawa ndi madzulo poyenda. Ambiri timasankha chachiwiri chifukwa cha ana.

Amene ali kutali ndi njanji amadalira basi, ndipo basi ili ndi mawu akeake. Oyamba ndi da se beng, kupinda mzere ngati njoka yodzikulunga. Pa masiteji aakulu, monga pakhomo pa msewu wapansi pa nyanja wa ku Hung Hom umene unatsegulidwa mu 1972, mzere sungathe kuwongoka chifukwa malo palibe, ndiye umapita, n'kubwerera, n'kupitanso, mpaka wobwera kumene amafunsa kuti mchira uli kuti. Pa nkhani ya mzere tokha tidziyamikire: sitilumphana, ndipo wolowerera pakati amamva mawu. Koma mwambo wa pamzere sumakupatsa malo m'basi. Basi ikatulukira pakona maso onse amayang'ana pakhomo. Ngati mukuona anthu ataima mpaka pa chitseko chakutsogolo, pafupi ndi dalaivala, ndiye kuti ili ding jaap, yadzaza mpaka pachipata. Dalaivala akaona kuti palibe wotsika amangodutsa osaima, ndipo ife timati fei jaam, yauluka siteji. Mumaiona ikupita, mwina chakumbuyo kwake kuli mpata umene anthu akukana kusenderako, ndipo mumameza malovu. Choipitsitsa ndi tyut baan, pamene basi imene inayenera kubwera siibwera n'komwe. Foni imakuuzani kuti yatsala mphindi zitatu, kenaka nambalayo imangosowa. Yotsatira imadzanyamula anthu a mabasi awiri, ndiye imafika kale ili ding jaap, n'kuuluka siteji yanu.

Achikulire amatikumbutsa kuti kale zinali zoipa kuposa apa. Amanena za yit gau ba, mabasi opanda makina oziziritsa mpweya amene anthu ankawatcha dzina la soseji yotentha ya m'buledi, ndipo kampani ya mabasi ya KMB inawapumitsa omaliza mu 2012. N'zoona, sitiwotchedwanso m'basi. Koma wa ku Tuen Mun amene basi yake yatsekeredwa pa Tuen Mun Road chifukwa lole imodzi yafa kutsogolo, ali chiimire, dzanja lili pa chitsulo, sangatonthozedwe ndi mpweya wozizira. Msewu umenewu unatsegulidwa mu 1978 ndipo ngozi imodzi yokha imatha kuimitsa tauni yonse.

Ndiye pali minibasi. Inaloledwa mwalamulo mu 1969, ndipo ilipo ya denga lobiriwira, yoyenda njira ndi mitengo yokhazikika, ndi ya denga lofiira, imene dalaivala amasankha yekha njira ndi mtengo. Ubwino wake ndi wakuti palibe woima: inali ya mipando 16, ndipo kuyambira 2017 malamulo amalola 19. Choncho kupanikizana kwake kumachitikira panja, pa mzere, mukuwerenga mitu ya amene ali patsogolo panu kuti muone ngati mukwane mu ino kapena mu inayo. Mukalowa, mumafunika mawu amphamvu, chifukwa m'maminibasi ambiri wofuna kutsika amakuwa kuti yau lok, alipo wotsika, ndipo dalaivala amakweza dzanja kusonyeza kuti wamva. Pali achinyamata amanyazi amene amapitirira pakwawo chifukwa choopa kukuwa pagulu. Usiku, sitima zikaleka kuyenda, ophika ndi operekera zakudya amene aweruka mochedwa amakwera ofiirawo kuchokera ku Mong Kok kupita ku New Territories, ndipo dzina limene tinawapatsa ndi mong ming siu ba, minibasi yotaya moyo, chifukwa cha liwiro lake. Masiku ano muli chikwangwani chosonyeza liwiro ndipo lamulo limaletsa kupyola makilomita 80 pa ola. Timagwira mpando wakutsogolo zolimba n'kumapemphera chamumtima, koma mawa timakweranso, poti takisi ingadye malipiro a tsiku lonse.

Chimene chimatipweteka koposa n'chakuti kupanikizanaku kumatidanitsa tokhatokha. Mawu ofala m'sitima ndi m goi je je, pepani ndidutseko, ndi haang yap di, senderani m'kati. Akanenedwa m'mawa woyamba wa sabata amamveka aulemu. Pofika Lachinayi madzulo mawu omwewo amatuluka ndi mano. Amene waima pakhomo safuna kusendera chifukwa akutsika pa siteshoni yotsatira ndipo akudziwa kuti akalowa m'kati sadzatulukamo. Amene ali panja amaona mpata ndipo amaganiza kuti mnzakeyo n'ngouma mtima. Onse awiri ali ndi mfundo, onse awiri atopa, ndipo palibe pakati pawo amene anamanga tauni kutali ndi ntchito.

Mu April 2006 mnyamata wina anagwira phewa la bambo wachikulire m'basi yopita ku Yuen Long, kuwapempha kuti atsitse mawu poyankhula pa foni. Bambowo anatembenuka n'kumukalipira kwa mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi, wokwera wina akujambula pa foni. Kanemayo anaonedwa ndi anthu mamiliyoni pa YouTube, bambowo anapatsidwa dzina lakuti ba si a suk, amalume a m'basi, ndipo mawu awo awiri analowa m'kamwa mwa aliyense: akuti iwe uli ndi aat lik, inenso ndili ndi aat lik, ndiko kunena chipsinjo cha moyo, ndi akuti mei gaai kyut, nkhani sinathe. Anthu anaseka, anasindikiza mawuwo pa malaya. Koma chimene chinachititsa kuti afale chotero n'chakuti aliyense anadzimva m'mawuwo. Khalidwe la bambowo silinali labwino, ndipo mnyamatayo sanalakwe kanthu. Komabe panalibe wokwera basi amene anafunika kumumasulira tanthauzo la aat lik. Padutsa zaka zambiri, ndipo tikamakangana m'basi mawu aja amatulukabe.

Taonaninso za mipando yosungira okalamba, amayi oyembekezera ndi olumala, imene MTR inayamba kuika mu 2009. Cholinga chake n'chabwino ndipo palibe angachitsutse. Koma achinyamata anaipatsa dzina lakuti pai dau jo, mpando wozengerapo mlandu, potengera misonkhano yochititsa anthu manyazi pagulu ya nthawi ya Cultural Revolution ku China. Wachinyamata akakhalapo, wina amamujambula n'kuika chithunzi pa Facebook kuti dziko limuweruze, osadziwa ngati akudwala, ngati ali ndi pakati posaoneka, kapena ngati wachokera ku ntchito ya usiku wonse. Mapeto ake mumaona bogi lodzaza thothotho, mpando umodzi uli wopanda munthu, aliyense akuopa kuukhalira. Agogo amati ana a masiku ano alibe ulemu. Ana amati agogo amakwera pa mtengo wotsika kwambiri, kuchokera pamene boma linayambitsa thandizo lolipira madola awiri okha mu 2012, pamene iwo amalipira mtengo wonse n'kuimanso. Ife tikuti agogo akhale, ndipo mtengo wawo ukhale wotsika, anaugwirira ntchito mzinda uno. Koma mkangano wonsewu ndi wa anthu ochuluka olimbirana mipando yochepa, ndipo mkwiyo ukugwera pa munthu wolakwika.

Umagweranso pa madalaivala, amene kuno timawatcha che jeung. Basi ikachita tyut baan, woyamba kumva mawu ndi dalaivala wa basi yotsatira, amene sanachedwetse aliyense. Pa 10 February 2018 basi yosanjikiza ya KMB yochokera ku bwalo la mijaho ya akavalo ku Sha Tin inagubuduzika pa Tai Po Road, ndipo anthu 19 anafa. Opulumuka ena anafotokoza kuti ulendowo usanayambe okwera anakalipira dalaivala chifukwa chofika mochedwa. Khoti linamupeza wolakwa ndipo palibe amene akumuikira kumbuyo. Koma ngoziyo inaunikira zimene tinkanyalanyaza: kuchepa kwa madalaivala, malipiro osakopa achinyamata, ndi maola aatali. Malangizo atakonzedwanso chaka chimenecho, tsiku la dalaivala linaikidwa pa maola 12, koma mpata unasiyidwa wa mashifiti apadera ofika maola 14. Munthu amene wanyamula miyoyo yoposa 100 m'basi imodzi nayenso ndi da gung jai ngati ife, ndipo nayenso akaweruka amakafunafuna chokwera.

Tikambe za ndalama. Khadi la Octopus, limene linabwera mu 1997, linatichotsera vuto lofunafuna makobidi. Umangoligunditsa pa makina, n'kumva kulira kwake kumene timakutcha dyut, basi wadutsa. Koma kuphweka komweko kumachititsa kuti usaone mmene ndalama ikuthera mpaka pamapeto a mwezi. MTR itaphatikizana ndi kampani ya njanji ya KCR mu 2007, anakhazikitsa njira yosinthira mitengo chaka ndi chaka potengera kukwera kwa zinthu ndi malipiro, n'kuitcha ho ga ho gaam, kuti ingakwere ingatsike. M'misewu anthu anaidula pakati dzinalo n'kusunga theka loyamba, chifukwa kwa zaka zotsatizana inkangokwera, ngakhale pamene kampaniyo inkalengeza phindu la madola mabiliyoni. Phindulo silichokera ku matikiti okha. Boma limapatsa MTR ufulu womanga pamwamba ndi m'mbali mwa masiteshoni, ndipo kampaniyo pamodzi ndi omanga nyumba imapeza ndalama pa nyumba zogona, maofesi ndi misika ikuluikulu. Njira imeneyi ndiyo imachititsa kuti njanji zimangidwe popanda kulemetsa kwambiri okhoma msonkho, ndipo maiko ena amabwera kudzaiphunzira. Koma tanthauzo lake kwa ife n'lakuti siteshoni yatsopano iliyonse imabwera ndi nyumba zazitali pamwamba pake, ndiye kuti okwera enanso zikwizikwi olowa m'mabogi omwewo. Kampaniyi ili pa msika wa masheya kuyambira 2000, koma boma ndilo lili ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi a masheyawo. Ndiye tikadandaula kwa boma, tikudandaula kwa mwini wake, amene amalandira gawo la phindu. Kuyambira 2019 boma limatibwezera kachigawo ka ndalama zoyendera zikapyola mlingo wina pamwezi, ndipo timalandira ndi manja awiri. Koma wolandira malipiro otsikitsitsa, amene mu 2023 anaikidwa pa madola 40 pa ola, akamachokera ku Tin Shui Wai kukagwira ntchito pachilumba, ola lake loyamba la ntchito limathera pa ulendo wopita ndi wobwerera.

Kupita ku ntchito timati faan gung, kubwerera ku ntchito, mawu amodzimodzi amene timagwiritsa ntchito pobwerera kunyumba. Mmene mawuwa alili olemera tinaona pa 17 September 2018. Dzulo lake, Lamulungu, namondwe wotchedwa Mangkhut anakantha mzinda, chenjezo linafika pa nambala 10 imene ndi yapamwamba kwambiri, mitengo zikwizikwi inagwa, magalasi a nyumba zazitali anasweka. Lolemba m'mawa masukulu anatsekedwa, koma ntchito ayi. Mabasi ambiri sankayenda chifukwa misewu inali yotsekeka, ndipo njanji ya East Rail inkayenda mwapang'onopang'ono chifukwa mitengo inagwera pa mawaya. Pa siteshoni ya Tai Wai anthu anadzaza mpaka panja, ena anadikira maola. Zithunzi za tsikulo zikuonetsa anthu ovala masuti ndi nsapato za muofesi akukwawa pansi pa nthambi ndi kulumpha mathunthu a mitengo. Mtsogoleri wa boma wa nthawi imeneyo, Carrie Lam, anapempha mabwana kuti akhale omvetsa, koma sanalengeze tchuthi. Ndiye aliyense anayesa yekha mtima wa bwana wake, ndipo ambiri anaona kuti kuli bwino kulumpha mitengo kusiyana ndi kudulidwa malipiro. Patangotha mwezi umodzi, pa 16 October, makina owongolera sitima anasokonekera pa njanji zinayi nthawi imodzi m'mawa, kwa maola pafupifupi 6, ndipo mzinda unaimanso. Chaka chotsatira boma linakhazikitsa chilengezo cha nyengo yoopsa chimene chimalangiza antchito kuti akhale kaye pamene ali, koma kwa mabwana a makampani ndi malangizo chabe, si lamulo.

Apa ndiye pagona nkhani. Njanji ingawonjezedwe, mabogi angachuluke, koma malinga ngati maofesi onse amatsegula 9 koloko m'madera omwewo, khamu lidzakhala lomwelo. MTR inayesa mu 2014 kutsitsa mtengo kwa amene amatuluka pa masiteshoni a m'tauni pakati pa 7:15 ndi 8:15 m'mawa, kuti ena azilawirira. Ena amalawiriradi. Koma bwana sanena kuti poti wafika msanga uweruke msanga. Hong Kong ilibe lamulo loika malire a maola ogwira ntchito pa sabata. Komiti yoona nkhaniyi inakhazikitsidwa mu 2013, inapereka lipoti lake mu 2017, ndipo lamulo silinabadwe. Fong gung, kuweruka, kumachitika pamene bwana wanyamula jekete lake.

Zimene tikupempha si zakumwamba. Maofesi a boma ndi makampani aakulu asinthanitse nthawi zoyambira ndi zowerukira, ndipo wolawirira aziwerukadi msanga. Ntchito zenizeni zipite ku Tuen Mun, Yuen Long ndi Tin Shui Wai, osati malonjezo a pa mapu okha, ndipo boma liyambe ndi maofesi ake. Chilengezo cha nyengo yoopsa chikhale ndi mano, kuti wosesa asadulidwe malipiro chifukwa mtengo wagwera pa njanji. Madalaivala alipidwe mokwanira kuti achuluke, maola 14 aja athe. Ndipo kampani ya sitima ikamalengeza za kusunga nthawi, pambali pake izilembanso, siteshoni ndi siteshoni, kuti munthu woima pa mzere 8 koloko m'mawa amadutsidwa ndi sitima zingati asanalowe. Makamera ali paliponse, ndipo makhadi athu amalemba nthawi imene talowa ndi imene tatuluka, kotero kuti chiwerengero chimenechi sichovuta kuchipeza ndi kuchitulutsa mwezi ndi mwezi.